Mwakopera kompyuta bokosi koma galimoto sikulira: kumene vuto limabisala

Nkhani yake imayenda chimodzimodzi m'magalaja ambiri. Kompyuta bokosi ya galimoto, imene m'mabuku amaitcha ECU kapena ECM, yapsa kapena yalowa madzi. Mwini galimoto wasakasaka kwa ogulitsa zida za magalimoto ophwasula mpaka wapeza bokosi looneka mofanana. Mmisiri wawerenga lakale, walemba zomwe wapezazo m'bokosi logulalo, makina aonetsa kuti zatheka. Kukamanga pagalimoto, sitata ikungozungulitsa injini osagwira, kapena injini ikulira masekondi awiri n'kuzima. Pofika apa ambiri amathamangira kunena kuti bokosi logula ndi lakufa, n'kutuma mwini galimoto kukasaka lachitatu. Kawirikawiri bokosilo limakhala labwinobwino. Chimene chasowa ndi gawo lina la zofunika kusamutsa, kapena chimene chinapha bokosi loyamba chikadali m'galimoto momwemo.

Zimene mukusamutsa zili m'malo angapo

Kukopera, kumene amisiri amakutcha cloning, kumavuta chifukwa zosungidwa m'bokosi sizikhala pamodzi. Muli flash, momwe mumakhala pulogalamu yoyendetsa injini ndi miyezo ya mafuta, ya moto wa mapulagi ndi ya turbo. Flash ya magalimoto awiri a mtundu umodzi, injini imodzi, chaka chimodzi, ikhoza kufanana ndendende. Ndiye muli EEPROM, kachigawo kakang'ono kwambiri koma kosunga dzina la galimoto imeneyo payokha: chinsinsi cha immobiliser (chipangizo choletsa injini kulira popanda kiyi wake), nambala ya VIN yodziwira galimoto, makodi a ma injector pa dizilo, ndi zina zimene bokosi laphunzira likuyenda. Mukasamutsa flash yokha, mwasamutsa nzeru za injini koma dzina la galimoto mwalisiya.

Pa mabokosi akale zinthu ziwirizi zimaoneka ndi maso. Bosch EDC15 ya VW 1.9 TDI ili ndi flash ya 29F400 ndi EEPROM ya 24C04. ME7.5 ya petulo ili ndi EEPROM ya 95040. Mabokosi ambiri a Toyota, Nissan ndi Honda ali ndi kachip ka miyendo 8 ka m'gulu la 93C, monga 93C56 kapena 93C66. Pa EDC16 ubongo wake, kutanthauza chip yaikulu yoyendetsa bokosi, ndi wa Motorola wa m'gulu la MPC5xx, ndipo mafayilo amatuluka atatu: flash ya mkati mwa ubongowo, flash yakunja, ndi EEPROM. Koma mukaona kuti ubongo wake ndi MPC562, musadabwe kupeza mafayilo awiri okha, chifukwa umenewo ulibe flash yamkati. Kuyambira pa EDC17 ndi MED17, amene amagwiritsa ntchito ubongo wa Infineon Tricore monga TC1766, TC1796 ndi TC1797, EEPROM inalowa mkati mwa ubongo momwemo, ndipo munawonjezeka chigawo cha OTP, chimene chimalembedwa kamodzi kokha osafufutikanso. Chigawo chimenechi tichibwerera kutsogoloku, chifukwa ndi chimene chimagwetsa amisiri ambiri odziwa ntchito yawo.

Kodi bokosi lakale linafadi, ndipo linafa ndi chiyani?

Musanatsegule chilichonse, yezani pagalimoto. Tsegulani kiyi osaliza injini: nyali ya check engine iyenera kuyaka. Ikapanda kuyaka, yambani ndi fyuzi ndi relay yaikulu ya injini, imene pa Toyota inalembedwa kuti EFI. Pa pulagi ya bokosi pafunika 12V yosazima, 12V ina yobwera ndi kiyi, ndi earth yabwino. Earth musamaiyeze ndi kulira kwa mita kokha, chifukwa waya wotsala ndi tiulusi tiwiri amalirabe. Yezani mphamvu imene ikutayika pakati pa earth ya bokosi ndi mutu wa negative wa batire kiyi ali wotsegula, ikapitirira 0.2V, pali potayirira kapena padzimbiri.

Kenako yezani 5V imene bokosi limapereka ku masensa. Sensa imodzi ikapanga shoti mkati, imagwetsa 5V yonse, ndipo bokosi limaoneka ngati lafa: sililankhula ndi makina oyezera, silipereka moto, silitsegula mafuta. Zulani masensa imodziimodzi mukuyang'ana pa mita. 5V ikabwerera mutazula ina, mwapeza wolakwa, ndipo bokosi silifunika kusintha n'komwe. Pa soketi ya OBD, polumikizira makina oyezera, mutachotsa batire, pakati pa phini 6 ndi phini 14 payenera kukhala pafupifupi 60 ohms pa galimoto imene mabokosi ake amalankhulana pa mzere wa CAN. Mukapeza 120 ohms, mbali imodzi ya mzerewo yaduka kapena bokosi limodzi mwa awiri otsekera mzere silinalumikizike.

Ngati lafadi, funsani chinalipha. Apa m'pamene timapempha kuti musafulumire, chifukwa bokosi logula likamangidwa pa vuto lomwelo limapsa pa tsiku loyamba, ndalama za mwini galimoto n'kupita pachabe. Zopha mabokosi n'zodziwika: kujampa batire mosemphanitsa mitu, kuwotcherera pa bodi ya galimoto bokosi lili chilumikizire, alternator yotchaja mopyola 15V pamene iyenera kukhala pakati pa 13.8V ndi 14.5V, koyilo kapena injector yopanga shoti, ndi madzi. Injector wamba ya petulo, osati ya direct injection, imayeza pakati pa 11 ndi 16 ohms. Ikaonetsa 2 kapena 3 pamene zinzake zili 13, ndi imeneyo inawotcha transistor m'bokosi. Madzi nawo amabwera ndi njira zawo: galasi lakutsogolo lomatidwa molakwika limadonthezera pa bokosi la kuseri kwa glove box, timipata totulutsira madzi a mvula m'munsi mwa mawaipa tikatsekeka ndi masamba timamiza bokosi lokhala pamenepo, ndipo otsuka injini ndi paipi yamphamvu amakankhira madzi m'pulagi. Mukaona maphini obiriwira pa pulagi, konzani pulagiyo kaye.

Bokosi logula: kufanana kwa chikuto si umboni

Nambala yoyamba kuyang'ana ndi ya kampani ya galimoto. Ya Toyota imayamba ndi 89661, ya Nissan 23710, ya Honda 37820, ndipo manambala otsatira ndi amene amasiyanitsa. Pa Bosch palinso nambala ya manambala 10, yoyamba ndi 0 281 pa dizilo ndi 0 261 pa petulo. Imeneyi ndi imene imanena za bolodi lenilenilo. Pulogalamu mukhoza kuisintha polemba, koma bolodi simungalisinthe. Bokosi la galimoto ya manual nthawi zina limakhala lopanda zida zoyendetsera giya bokosi ya automatic, malo ake pabolodi n'kungokhala opanda kanthu. Mukalembamo pulogalamu ya automatic, injini ilira koma magiya sasintha.

Kwathu kuno vuto limeneli ndi lalikulu chifukwa pamsewu pali magalimoto a mayina ofanana ochokera kosiyana. Corolla kapena X-Trail yochokera ku Japan si yofanana mkati ndi ya ku South Africa kapena ya ku UK. Ena mwa magalimoto akale a msika wa ku Japan analibe immobiliser, pamene anzawo a ku Ulaya anali nayo. Ambiri a ku Japan alibenso VIN ya zilembo 17, ali ndi nambala ya chassis yokha. Pulagi imalowa bwinobwino, koma maphini ena amagwira ntchito zosiyana. Choncho nambala zikasiyana ngakhale kumapeto kokha, tsegulani mabokosi onse awiri, muwagoneke moyandikana pa tebulo pamalo powala, mufananize nambala ya ubongo, nambala ya EEPROM, ndi malo opanda zida. Pasanakhale kufanana kumeneku, musalembe kanthu.

Chenjezo lina: bokosi logula musamalimange pagalimoto kuti "tingoyesa" musanakopere. Pa Nissan, kuyesa kuliza kasanu motsatizana chinsinsi chisakugwirizana kumatseka dongosolo lonse ndi kodi ya P1610. Ndipo pa magalimoto ena bokosi latsopano losagwirapo ntchito limadzimangirira ku galimoto yoyamba imene laikidwamo.

Kuwerenga: apa ndi pamene ntchito imapindulira kapena kuonongeka

Werengani mabokosi onse awiri, chilichonse chimene makina angathe kutulutsa, musanalembe ngakhale byte imodzi. Ambiri amasunga za bokosi lakale n'kuiwala za logula. Zinthu zikasokonekera, fayilo yoyambirira ya bokosi logula ndi yokhayo imene ingalibwezeretse mmene linalili, kuti muyambirenso kapena mukalibweze kwa wogulitsa. Mafayilo muwapatse mayina omveka, okhala ndi nambala ya galimoto, lakale kapena logula, flash kapena EEPROM, ndi tsiku. Muwasunge pawiri, pa laputopu ndi pa flash disk. Kusokoneza fayilo ya lakale ndi ya logula, n'kulemba mobwerera, kumafufuta chinsinsi chokhacho chimene munali nacho.

Njira yowerengera ndi yofunika kuposa dzina la makina. Kaya muli ndi KESS, K-TAG, Autotuner, Flex kapena PCMFlash, kuwerenga kudzera pa soketi ya OBD kawirikawiri kumangotulutsa chigawo cha miyezo, osati pulogalamu yonse, ndipo EEPROM sikuikhudza. Choopsa kwambiri ndi chimene amati virtual read: makina amangoona nambala ya pulogalamu, n'kukatenga fayilo yofanana nayo pa intaneti. Fayilo imeneyo sinachokere m'bokosi lanu, ndiye mulibe chilichonse cha galimoto imeneyo. Pokopera mufunika kuwerenga pa tebulo: bench, pamene mumalumikiza pa maphini a pulagi osatsegula bokosi, BDM, yolumikiza pa timalo tapadera ta pabolodi, pa EDC16 ndi anzake, kapena boot mode, pamene mumatsegula n'kugunda malo ena a pabolodi kuti ubongo udzuke modikira malamulo.

Magetsi a pa tebulo akhale okhazikika, pafupifupi 13.5V. Polipatsa moto koyamba bokosi losadziwika, ikani malire a 1A. Bokosi labwino lopanda katundu limakoka pang'ono, nthawi zambiri pansi pa theka la ampere. Likathamangira kumalire, zimitsani msanga: mwina muli shoti, mwina mwalumikiza phini yolakwika. Poti magetsi kwathu amatha kuzima nthawi iliyonse, musamadalire adaputa ya pakhoma yokha. Ikani batire ya galimoto yodzaza bwino kuti igwirire bokosi, laputopu ikhale yotchajidwa, ndipo muzimitse zoti izigona yokha. Chingwe cha USB chilowe mwachindunji, osadzera pa hub. Ngati mukulembera pagalimoto, mufunika tchaja yokhoza kugwira 13V pamene ikupereka 25A kapena kuposa, chifukwa pa magalimoto ambiri mafani a radiator amayamba kuzungulira mwamphamvu bokosi likalowa m'gawo lolembedwa.

Potsegula, mabokosi ambiri anamatidwa ndi silikoni. Tenthetsani m'mbali pang'onopang'ono, mutukule ndi chitsulo chopyapyala osachilowetsa mozama, chifukwa pafupi ndi m'mphepete pamadutsa tinjira ta bolodi ndi tizida ting'onoting'ono. Sikuludiraiva ikalowa mamilimita ochepa mopitirira imasesa capacitor osamva n'komwe.

Tikhalepo pang'ono pa kachip ka miyendo 8, chifukwa zolakwika zake zimabisika. Mukakawerenga ndi kopanira kakadali pabolodi, pogwiritsa ntchito makina monga UPA-USB, TL866 kapena Orange5, mphamvu ya makinawo imatha kudzutsanso ubongo wa bokosi, awiriwo n'kumalimbirana kachip kamodzi. Zotuluka zimaoneka ngati fayilo yeniyeni koma zili ndi mabowo. Vanishi yoteteza bolodi nayonso imatchinga mano a kopanira. Ipaleni pamiyendo kaye. Njira yodalirika ndi kukachotsa ndi mpweya wotentha wa madigiri 320 mpaka 350, mutapaka flux ndi kuphimba zoyandikana nazo ndi tepi yosapsa. Jambulani chithunzi musanakachotse kuti mukumbukire mbali ya kadontho ka mwendo woyamba. Kukabwezera mozondoka kukhoza kukapha nthawi yomweyo mukayatsa.

Werengani katatu, mufananize mafayilo atatuwo mu HxD, pulogalamu yoonetsa za mkati mwa fayilo. Akasiyana ngakhale pamalo amodzi, simunawerenge. Fayilo yodzaza FF yekhayekha kapena 00 yekhayekha ikutanthauza kuti makina sanagwire kanthu. Onaninso kukula kwake: 93C46 ndi ma byte 128, 93C56 ndi 24C02 ndi 256, 93C66, 24C04 ndi 95040 ndi 512, 93C86 ndi 95160 ndi 2048, 95320 ndi 4096, 95640 ndi 8192. Mukasankha 93C56 pamene kachip ndi ka 93C66, mutenga theka lokha popanda makina kudandaula. A m'gulu la 93C ali ndi msampha winanso: amawerengedwa mwa 8-bit kapena 16-bit. Mukawerenga ndi makina ena n'kulemba ndi ena, ma byte amatha kusinthana malo awiriawiri. Chizindikiro chake n'chosavuta: VIN kapena nambala ya bokosi, pamene zilimo, zimaoneka zilembo zitatembenuzika ziwiriziwiri. Werengani ndi kulemba ndi makina amodzi, pa dongosolo limodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mphindi 10 zowerenga mobwereza n'zotsika mtengo kuposa kutaya makiyi onse a galimoto.

Mukalemba m'bokosi logula, yambani ndi flash, EEPROM pambuyo, kupatula ngati makina anu akulamula mwina. Mukatha, werenganinso zomwe mwalembazo mufananize ndi fayilo ya bokosi lakale. Mawu oti zatheka pa sikirini si umboni wokwanira. Pa EEPROM ma byte angapo akhoza kusintha bokosi likangodzuka, chifukwa limalemba mawerengero ake. Koma kusiyana kwa mizere yambirimbiri ndiye kuti kulembako sikunalowe.

Mwamanga, ndipo makina oyezera sakuliona bokosi

Nyali ya check engine siikuyaka, mafani akuzungulira okha, mabokosi ena akusunga kodi ya U0100, yosonyeza kuti sakulankhulana ndi bokosi la injini. Bwezerani bokosi pa tebulo. Ngati likulankhula mu boot mode kapena BDM koma osati mwa nthawi zonse, pulogalamu imene mwalemba siikugwirizana ndi bolodi, kapena sinalowe yonse. Lembaninso mafayilo ake oyambirira. Likadzuka, mwatsimikiza kuti bokosi ndi lamoyo ndipo vuto ndi kusagwirizana. Yang'ananinso ngati simunasiye waya kapena resistor ya boot pabolodi, kapena kadontho ka mtovu kolumikiza malo awiri. Bokosi lotsala mu boot mode limangokhala chete ngati lakufa. Pomaliza onani maphini a pulagi: imodzi ikapindika pomanga, zizindikiro zake n'zomwezi.

Ngati magetsi anazima kapena chingwe chinasuntha kulemba kuli pakati, musataye mtima, komanso musachotse moto pa bokosi ngati likadali nawo. Yesani kulembanso pomwepo, kapena njira ya recovery ya makina anu. Zikakanika, boot mode ndi BDM sizidalira pulogalamu yoonongekayo, ndiye zimatha kulidzutsa, malinga ngati muli ndi fayilo yonse imene munasunga poyamba paja.

Likulankhula, koma injini siigwira kapena ikuzima

Iyi ndi immobiliser, ndipo makodi amanena okha. Pa VW ndi Audi injini imalira sekondi imodzi kapena awiri n'kuzima, ndi kodi ya P1570, imene pa makina a VAG, gulu la VW ndi Audi, imaoneka ngati 17978. Pa Toyota sitata imazungulitsa osagwira, ndi B2799. Pa Nissan ndi P1611, kutanthauza kuti chinsinsi cha bokosi ndi cha NATS, immobiliser ya Nissan, sizikugwirizana; P1612 ndi ya mawaya a pakati pa ziwirizo, ndiye pamenepo yezani mawaya musanakayikire fayilo. P0513 ndi P0633 nazonso ndi za makiyi, pamene P0630 ikunena kuti VIN mulibe kapena si yake.

Funso loyamba: EEPROM munaisamutsa? Lachiwiri: munasamutsa yoyenera? Mabolodi ena ali ndi tichip ta miyendo 8 tingapo, ndipo si tonse tosunga zinthu. Lachitatu ndi la 8-bit ndi 16-bit lija. Ngati zonsezi zili bwino pa Nissan koma P1610 ilipo chifukwa cha kuyesayesa, itsekuleni motere: ndi kiyi wolembetsedwa, tsegulani masekondi 5 osaliza, tsekani masekondi 5, chitani zimenezi katatu, kenako lizani.

Pa Toyota zambiri zokhala ndi kabokosi kapadera ka immobiliser, pali njira yosafuna kukopera EEPROM n'komwe. Makiyi amasungidwa m'kabokosi kameneko, ndipo chofunika ndi kudziwanitsa mabokosi awiriwo. Lumikizani phini 13, ya TC, ndi phini 4, ya CG, pa soketi ya OBD ndi kawaya, tsegulani kiyi osaliza injini, musiye choncho mphindi 30 zathunthu. Nyali za pa dashibodi ziziphethira. Kenako tsekani kiyi, chotsani kawayako, lizani. Ikani tchaja pa batire nthawi yonseyi, ndipo werengani maphini mosamala, chifukwa phini 16 ili ndi 12V ya batire. Toyota zakale za kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa m'ma 2000 ndi zosiyana: pa zambiri mwa izo makiyi ali m'bokosi la injini momwemo, mu 93C56, ndiye kusamutsa kachip kameneko ndi kumene kumasamutsa makiyi.

EDC17, MED17 ndi anzawo a Tricore

Apa mukhoza kuchita zonse molondola, mafayilo n'kufanana, galimoto osalira ndithu. Zifukwa zake ndi ziwiri. Choyamba, chigawo cha OTP cha bokosi logula sichilembeka, ndiye chimatsala ndi za galimoto imene linachokera, ndipo pulogalamu yanu ikadzuka imapeza kuti sizikugwirizana. Chachiwiri, pa mabokosi ambiri a VW ndi Audi chinsinsi cha immobiliser mu EEPROM chinabisidwa pogwiritsa ntchito nambala ya ubongo umenewo, imene ilibe inzake. Mukachikopera mmene chilili, ubongo wina sungachimasulire.

Choncho pa mabokosi awa musamalembe fayilo yonse mwachimbulimbuli. Gwiritsani ntchito gawo la clone la makina anu, limene limafuna mafayilo a mabokosi onse awiri n'kukonza fayilo yachitatu yogwirizana ndi ubongo wa bokosi logula. Njira ina ndi kusiya pulogalamu ya bokosi logula, ngati nambala yake ikufanana, n'kumasula chinsinsi cha lakale, chimene pa VAG ndi Component Security ndi PIN, n'kuchilemba m'logulalo ndi makina a makiyi. Sungani password ya ubongo uliwonse imene makina atulutsa powerenga, chifukwa mukailemba molakwika kapena kuitaya mukhoza kudzitsekera kunja. Ford Ranger ya 2.2 ndi 3.2, imene ili ndi SID208 kapena SID209 ya Continental, nayonso ndi ya Tricore. Onani kaye ngati makina anu analemba kuti amakopera bokosi limenelo, osati kungoliwerenga. Ndipo tinene mosabisa: makina achinyengo otsika mtengo, a pulogalamu yakale, ndi amene amapha mabokosi a mtundu uwu kwambiri. Ngati mulibe makina oyenera, kutumiza mabokosi onse awiri kwa mnzanu amene ali nawo si manyazi.

Yalira, koma siili bwino

P0601, P0602 kapena P0605 zikabwera mutangokopera, ganizirani za checksum, chiwerengero chimene bokosi limadziyesera nacho ngati zosungidwa zake zili zathunthu. Fayilo yokopedwa yonse imabwera ndi checksum yake yolondola. Vuto limadza mukaphatikiza zigawo za mabokosi awiri, mukasintha ma byte pamanja, kapena ngati zosungidwa m'bokosi lakale zinali zoonongeka kale. Chomalizachi chimachitika pa mabokosi amene anafa ndi batire yofooka kapena kujampa: mumasamutsa matenda pamodzi ndi dzina. Zikatero, bwezerani flash yoyambirira ya bokosi logula, kapena pezani fayilo yoyera ya nambala yomweyo ya pulogalamu, musamutse chinsinsi ndi makodi okha.

Dizilo ikamagogoda, kufuka utsi kapena kunjenjemera pa idle, fananizani makodi a ma injector amene ali m'bokosi ndi olembedwa pamwamba pa injector iliyonse, silinda ndi silinda. A Bosch ndi zilembo 6 kapena 7, a Delphi 16 kapena 20, a Denso pa Hilux ya 1KD ndi 2KD ndi 30. Pa Toyota zimenezi kodi ya P1601 imasonyeza kuti makodiwa sanalembetsedwe bwino. Samalani 0 ndi D, 8 ndi B. Pukutani mutu wa injector, mujambule ndi foni, mukulitse chithunzicho. Ngati EEPROM sinasamutsidwe pa D-4D, dizilo ya Toyota, chitaninso supply pump initialization ndi makina oyezera kuti bokosi liphunzire pampu yake. Pa Nissan ya petulo imene idle yake yakwera kapena ikusakasaka, phunzitsaninso malo a pedulo, malo otsekera a throttle, ndi idle air volume, injini itatentha bwino, AC ndi nyali zili zozima.

Bokosi lakale likakana kuwerengeka

Bolodi lopsa silitanthauza kuti zosungidwa zapita. Kawirikawiri chimapsa ndi mbali ya magetsi, pamene EEPROM ili bwinobwino. Ngati ndi kachip kakunja, kachotseni, mukawerenge pa makina, musunge fayilo, kenako mulembe m'kachip ka bokosi logula. Timakonda kulemba kusiyana ndi kusamutsa kachip kenikeniko, kuti koyambirira kakhale kosungika. Ngati zonse zili mkati mwa ubongo, tsukani bolodi ndi isopropyl alcohol, muumitse bwino, mukonze regulator ya 5V kapena diode yopsa kuti bokosi lidzuke kongokwanira kuwerenga. Bolodi lonyowa musalipatse moto. Dzimbiri limadya tinjira mofulumira magetsi akamadutsa.

Zikakanika zonsezi, chinsinsi chimapezekanso mbali inayo, m'kabokosi ka immobiliser, mu dashibodi kapena mu BCM, bokosi la magetsi a bodi, malinga ndi galimoto, ndipo bokosi logula likhoza kubwezeretsedwa ngati latsopano n'kulembetsedwa ndi makina oyezera. Kuchotseratu immobiliser ambiri amakuona ngati njira yachidule, koma kumasiya galimoto yoti aliyense wokhoza kupotokola loko aithawitsa, ndipo mwini wake ayenera kuuzidwa zimenezi momveka asanavomere. Pa ntchito iliyonse yokhudza makiyi ndi immobiliser, onani blue book ndi chiphaso cha wobweretsa galimoto, mufananize ndi nambala ya chassis, makamaka munthu akabwera ndi bokosi lokha m'manja wopanda kiyi.

Galimoto ikalira, musamate bokosi nthawi yomweyo. Fufutani makodi m'mabokosi onse, muyende nayo mpaka itenthe, muzimitse ndi kuliza kangapo ndi kiyi aliyense amene mwini wake ali naye, muyezenso makodi. Pomata, bwezerani phala lotulutsa kutentha pamalo pamene bolodi limagunda chitsulo, ndipo gwiritsani ntchito silikoni wosanunkha viniga, chifukwa wonunkhayo amatulutsa asidi wodya mkuwa. Lembani pachikuto ndi maka tsiku ndi nambala ya galimoto imene zosungidwazo zachokera. Bokosi lakale mum'bwezere mwini galimoto pamodzi ndi mafayilo ake, mumuuze kuti asaligulitse kapena kulitaya, chifukwa chinsinsi cha makiyi ake chikadali momwemo.